Yoshinori Ohsumi, katswiri amene anakapeza chuma kudzala la selo

Munthu wamkulu amene akudya mokwanira amalowetsa m'thupi magalamu pafupifupi 70 a mapuloteni pa tsiku, ochokera ku nyemba, usipa, mazira, nyama, ngakhale ku nsima imene. Koma thupi lomwelo limapanga mapuloteni atsopano okwana magalamu 200 kapena 300 tsiku lililonse. Nanga otsalawo akuchokera kuti? Mmisiri sangamange khoma la njerwa 300 mutamupatsa njerwa 70 zokha, pokhapokha ngati kuseri kuli chipupa chakale chimene akugumula n'kumatolapo njerwa zabwino. Ndi mmene thupi lathu limachitira. Usana ndi usiku limaphwasula ziwiya zake zakale, zidutswazo n'kumangira zatsopano.

Imodzi mwa njira zikuluzikulu zogwirira ntchito imeneyi imatchedwa autophagy, mawu ochokera ku Chigiriki otanthauza kudzidya wekha. Amene anaulula mmene njirayi imayendera ndi a Yoshinori Ohsumi a ku Japan, omwe analandira mphoto ya Nobel ya sayansi ya thupi ndi zachipatala mu 2016. Ine chimene chimandikoka pa mbiri yawo ndi malo amene anasankha kufufuza. Anakakhala pamene akatswiri anzawo ankati n'kudzala, kotayako zinyalala za selo, ndipo pofika tsiku la mphotoyo anali atakhala pamenepo zaka pafupifupi 40.

Kuti timvane, tiyambe ndi selo lenilenilo. Thupi la munthu lili ndi maselo pafupifupi mathiliyoni 30, ndipo selo lililonse lili ngati mudzi wa mpanda wake. M'katimo muli kachipinda kosungira majini, amene ndi malangizo a chibadwa. Muli timagawo topanga mphamvu totchedwa mitochondria, mulinso malo opangira mapuloteni. Mapuloteniwo ndiwo antchito a m'mudzimo: ena amanyamula katundu, ena amalondera pachipata, ena otchedwa maenzaimu amadula ndi kulumikiza zinthu. Puloteni iliyonse ili ngati mkanda wotungidwa ndi timikanda ta mitundu 20 totchedwa ma amino asidi. Mkandawo ukakalamba kapena ukapindika molakwika, selo likhoza kuudula, timikandato n'kutungira mkanda wina.

Malo amene kudulako kumachitikira anadziwika m'ma 1950. Katswiri wa ku Belgium, a Christian de Duve, akufufuza chiwindi cha makoswe pa yunivesite ya Louvain, anapeza timatumba ta asidi m'kati, todzaza ndi maenzaimu ogaya zinthu, ndipo mu 1955 anatitcha lysosome. Pasanapite nthawi, ofufuza ena anaona kuti nthawi zina selo limakulunga mbali ya thupi lake lomwe, ngakhale mitochondria yathunthu, n'kupita nayo ku lysosome kuti ikagayidwe. A de Duve ndiwo anatcha zimenezi autophagy mu 1963, ndipo mu 1974 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi a Albert Claude ndi a George Palade.

Kenako nkhani inaima. Kwa zaka pafupifupi 30 anthu ankadziwa kuti selo limadzidya, koma panalibe wodziwa kuti ndi majini ati kapena mapuloteni ati amene amayendetsa ntchitoyo. Lysosome ndi yaing'ono kwambiri, ndipo kuti uone bwino zochitika mmenemo umafunika maikulosikopu a maelekitironi, makina amphamvu kwambiri oonera tinthu tating'onoting'ono, amene amaonetsa maselo akufa kale, odulidwa mopyapyala. Zinali ngati kufuna kumvetsa gule poyang'ana chithunzi chimodzi. Komanso mitima ya akatswiri ambiri nthawi imeneyo inali pa funso lakuti majini amapanga bwanji mapuloteni. Kumanga kunali ndi ulemu. Kugumula ankakuona ngati ntchito ya wosesa pabwalo.

A Ohsumi anabadwa pa 9 February 1945 mumzinda wa Fukuoka, pachilumba cha Kyushu, kutatsala miyezi isanu ndi umodzi kuti nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ithe. Anali mzime mwa anyamata anayi, ndipo bambo awo anali mphunzitsi pa Kyushu Institute of Technology. Inali nthawi ya usiwa ndi kusowa kwa chakudya ku Japan. Mayi awo anadwala chifuwa chachikulu n'kukhala chigonere kwa zaka, mpaka mankhwala atsopano monga streptomycin anafika n'kuwadzutsa. Mnyamatayo anakula akugwira tizilombo touluka m'minda, kuyang'ana nyenyezi, ndi kuwerenga mabuku a sayansi amene achimwene ake aakulu ankabwera nawo pa tchuthi kuchokera ku Tokyo.

Analowa yunivesite ya Tokyo mu 1963 akufuna kuphunzira kemisitiri, koma mtima unawakokera ku sayansi yatsopano yofufuza zamoyo kuyambira pa tinthu tating'onoting'ono ta m'selo. Digiri ya PhD anaipeza mu 1974, ndipo ntchito itavuta kwawo anapita ku Rockefeller University mumzinda wa New York, mu labotale ya a Gerald Edelman, amene anali atalandira Nobel mu 1972. Kumeneko zinthu sizinayende. Anapatsidwa ntchito yofufuza mazira a mbewa, yosiyana kotheratu ndi zimene anaphunzira, ndipo miyezi yambiri inapita popanda chogwirika. Kenako anasamukira ku kafukufuku wa yisiti, yemwe uja amatupitsa buledi ndi mandasi, amenenso amawiritsa mowa. Tsiku lina akupatula zigawo za maselo a yisiti m'makina ozungulitsa zinthu mwaliwiro, anaona kachigawo koyera katayandama pamwamba pa kabotolo. Anali ma vacuole, matumba aakulu a m'selo la yisiti. Sankawafuna tsiku limenelo, koma anawasunga mumtima.

Atabwerera ku Tokyo mu 1977, mu labotale ya a Yasuhiro Anraku, anasankha kufufuza thumba lomwelo. Iwo akhala akunena kawirikawiri kuti sakonda mpikisano, ndipo amasangalala kuchita zimene ena sakuchita. Pa zaka khumi zotsatira anaonetsa kuti chikopa cha vacuole chili ndi timakina tolowetsa ma amino asidi ndi kashiamu, komanso pampu imene imachititsa kuti m'katimo mukhale asidi. Ndiye kuti limene anthu ankaliyesa dzala linalinso nkhokwe. Koma udindo sunabwere msanga. Labotale yawoyawo anaipeza mu 1988, ali ndi zaka 43, ndipo inali yaing'ono, ya zipangizo zochepa. Pa msinkhu umenewo akatswiri ambiri amakhala atatchuka kale kapena atataya mtima.

Apa m'pamene ndikufuna tidekhe, chifukwa nzeru yonse ya nkhaniyi yagona pa zimene anachita chaka chimenecho.

Ganizo lawo linali lakuti vacuole ya yisiti iyenera kukhala ikugwira ntchito yofanana ndi ya lysosome mwa ife, popeza nayonso ili ndi asidi ndi maenzaimu ogaya. Ubwino wake ndi wakuti vacuole ndi yaikulu, imaoneka ndi maikulosikopu wamba selo lili moyo, ngakhale kuti selo la yisiti ndi laling'ono moti maselo pafupifupi 200 atandanda pamzere amangokwana milimita imodzi. Koma panali vuto. Ngati chilichonse cholowa m'thumbamo chimagayidwa nthawi yomweyo, udzaona chiyani? Zili ngati kusuzumira m'chigayo chikuzungulira kuti uone chimanga: chimene upeze ndi ufa basi. Chofunika ndi kuthimitsa chigayo, anthu n'kumathirabe chimanga, kuti chiunjikane pooneka.

Anachitadi zomwezo. Anaitanitsa mtundu wa yisiti wolumala, wopanda maenzaimu akuluakulu ogaya a mu vacuole. Funso lachiwiri linali lakuti selo lingafune liti kudzigaya kwambiri. Alimi amadziwa kuti chimanga chikasowa naitirojeni, mchere uja timaugula mu feteleza wa yureya, chimachita chikasu kuyambira masamba a m'munsi, chifukwa mbewuyo imasamutsa chakudya kuchoka m'masamba akale kupita ku atsopano. Yisiti naye akasowa naitirojeni amasintha thupi lonse, n'kupanga timbewu tolimba todikira nyengo yabwino. Kusintha kotero popanda chakudya chochokera kunja kumafuna kuti zomangira zichokere m'kati. Choncho a Ohsumi anatenga yisiti wolumalayo, n'kumuika m'madzi opanda naitirojeni, n'kukhala pa maikulosikopu.

Patapita ola limodzi, mu vacuole munayamba kuoneka timipira tating'ono tikunjenjemera uku ndi uku. Pofika maola atatu thumba linali litadzaza. A Ohsumi amasimba kuti ankatha maola ambiri akungoyang'ana timipirato, osatopa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo apa mwambiwu ukukwana ndendende: yisiti wolumalayo analipo kale m'malabotale ena, maikulosikopu otere anali paliponse, koma panalibe amene anakhala pansi n'kumuyang'ana ali ndi njala. A Misuzu Baba, katswiri wa maikulosikopu a maelekitironi, anajambula zithunzi zoonetsa kuti m'timipirato munali zinthu za m'selo momwemo, nthawi zina ndi mitochondria yomwe. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 1992 m'magazini ya Journal of Cell Biology.

Kuona kokha sikukanawapatsa Nobel. Phindu lenileni la yisiti ndi lakuti majini ake ndi osavuta kuwasokoneza ndi kuwafufuza, ndipo amaswana m'maola ochepa. Tsopano popeza panali chizindikiro chooneka ndi maso, zinali zotheka kufunsa kuti: ndi jini iti imene ikawonongeka timipira tija sitionekanso? Wophunzira wawo, a Miki Tsukada, anathira yisiti mankhwala owononga majini mwachisawawa, n'kumayang'ana gulu lililonse palokhapalokha, mpaka anapeza limodzi limene silinkapanga timipira. Anaonanso kuti yisiti ameneyu amakula bwinobwino chakudya chikakhalapo, koma njala ikafika amafa msanga kuposa anzake. Khalidwe limenelo linakhala sefa. Pogwiritsa ntchito utoto wofiira umene umalowa m'maselo akufa, anasefa magulu masauzande ambiri, ndipo mu 1993 awiriwa analengeza m'magazini ya FEBS Letters kuti apeza majini 15 ofunika pa autophagy. Lipotilo linali lalifupi, ndipo dziko silinagwedezeke nalo. Lero majini amenewa amadziwika ndi dzina lakuti ATG, limene akatswiri anagwirizana mu 2003.

Mu 1996 a Ohsumi anakhala pulofesa pa National Institute for Basic Biology mumzinda wa Okazaki, ndipo kumeneko gulu lawo linayamba kumasula ntchito ya puloteni iliyonse. Chithunzi chimene chinatuluka ndi ichi. M'selo muli puloteni yotchedwa TOR, imene ili ngati kapitawo woyang'anira nkhokwe. Chakudya chikakhala chokwanira, TOR imaletsa kudzidya. Chikachepa imakhala chete, ndipo gulu la mapuloteni lotsogozedwa ndi Atg1, puloteni yochokera ku imodzi mwa majini a ATG aja, limasonkhana pamalo amodzi pafupi ndi vacuole. Pamenepo pamayamba kumera kachikopa kopyapyala kooneka ngati kambale. Kachikopako kamakula, kamapindika, kakukuta chilichonse chili pafupi, mpaka kamatsekeka n'kukhala kathumba ka zikopa ziwiri kotchedwa autophagosome. Zonsezi zimatenga mphindi pafupifupi khumi. Kenako chikopa chakunja chimalumikizana ndi chikopa cha vacuole, ndipo kathumba ka m'kati kamagwera m'thumba lalikulu. Timipira tija a Ohsumi anationa tikuvina mu 1988 tinali timatumba ta m'kati timeneti. Mu yisiti wabwinobwino maenzaimu amatiphwanya nthawi yomweyo, ma amino asidi n'kutulutsidwa kukatungira mikanda yatsopano.

Chodabwitsa kwambiri n'chakuti selo silisunga timatumba timeneti podikira tsiku la njala. Limasoka katsopano nthawi iliyonse likafuna. Mmene limasokera zinaululika pang'ono mu 1998, pamene a Noboru Mizushima, dokotala wachipatala amene anasiya odwala kudzalowa gululi, anapeza kuti puloteni ya Atg12 imamatidwa ku Atg5. Mu 2000 gululi linaonetsanso kuti Atg8 imamatidwa ku mafuta a kachikopa kaja, chinthu chimene chinali chachilendo, chifukwa kumata kwa mtundu umenewu kunkadziwika pakati pa puloteni ndi puloteni inzake. Chaka chomwecho a Tamotsu Yoshimori, amene ankagwira ntchito mu labotale yomweyo, anaonetsa kuti puloteni ya nyama yotchedwa LC3, m'bale wake wa Atg8, imakhala pa timatumba ta autophagosome. Mpaka lero ofufuza padziko lonse amagwiritsa ntchito LC3 ngati chizindikiro poona autophagy m'maselo a nyama ndi a anthu. Apa zinaonekeratu kuti makina amene anapezeka mu yisiti alimonso mwa ife, pafupifupi osasintha.

Zitatero chitseko chinatseguka, ndipo zimene zinatulukamo n'zambiri. Chimodzi chimene chimandikhudza ndi cha ana obadwa kumene. Mwana ali m'mimba amalandira chakudya kudzera mumchombo mosadukiza. Akabadwa njirayo imaduka, ndipo pamapita nthawi kuti bere likhazikike. Mu 2004 gulu la a Mizushima linaonetsa kuti mwa ana a mbewa autophagy imakwera kwambiri m'maola oyambirira atabadwa, ndipo ana opanda jini ya Atg5, ngakhale amabadwa akuoneka bwino, amafa tsiku lisanathe. Mu 2006 magulu awiri a ku Japan anaonetsa kuti mbewa zimene autophagy yazimitsidwa mu ubongo wokha zimayamba kuyenda movutika, mapuloteni owonongeka ataunjikana m'maselo a ubongo. Maselo amenewa ambiri timakhala nawo moyo wonse osasinthidwa, choncho kusesa m'nyumba ndi nkhani ya moyo ndi imfa kwa iwo. Majini awiri okhudzana ndi matenda a Parkinson oyamba munthu akadali wamng'ono, PINK1 ndi Parkin, ntchito yawo ndi kuika chizindikiro pa mitochondria zowonongeka kuti zikagayidwe.

Selo limagwiritsanso ntchito timatumba tomweti kugwira adani. Mu 2004 kunaoneka kuti limatha kukulunga mabakiteriya olowerera n'kuwapititsa ku lysosome, ndipo pakati pa mabakiteriya amene anayesedwa panali kachilombo ka chifuwa chachikulu, nthenda imene inagoneka mayi a Ohsumi komanso imene tikuidziwa bwino kuno kwathu. Pa khansa nkhani ili ndi mbali ziwiri. Autophagy imateteza selo kuti lisawonongeke n'kusanduka la khansa, koma chotupa chikakula, maselo ake amadalira kudzidya komweko kuti apirire njala ndi mankhwala. N'chifukwa chake madokotala ena akuyesa kuitseka mwa odwala khansa, ndipo mankhwala amene amagwiritsa ntchito ndi odziwika kwa aliyense amene anakula m'ma 1980: chloroquine ndi m'bale wake hydroxychloroquine. Chloroquine, amene dziko la Malawi linasiya kumugwiritsa ntchito pa malungo mu 1993 tizilombo titayamba kumupirira, amaunjikana m'timatumba ta asidi. M'kachilombo ka malungo amasokoneza thumba logayira magazi, ndipo m'maselo athu amafooketsa lysosome. Kuyesaku kudakali m'manja mwa ofufuza, ndipo sichifukwa choti wodwala khansa akagule mankhwalawa payekha.

Pali nkhani ina imene sindingaidumphe. Chiyambire 2016, pa Facebook ndi pa WhatsApp pamayenda mauthenga okhala ndi chithunzi cha a Ohsumi, onena kuti katswiriyu anatsimikiza kuti kusala kudya maola akutiakuti kumachiza khansa, shuga ndi ukalamba. Zimenezi n'zabodza, ndipo zimandipweteka chifukwa zimabisala kumbuyo kwa ntchito yoona. Mphoto yawo inali ya kufotokoza makina a autophagy, makamaka mu yisiti. N'zoona kuti njala imakweza autophagy mu yisiti ndi mu mbewa, koma mbewa ndi kanyama kogwiritsa ntchito chakudya m'thupi msanga, kamene tsiku limodzi la njala limakaphwetsa kwambiri, ndipo kuyeza autophagy m'ziwalo za munthu wamoyo n'kovutabe. Amene amasala kudya chifukwa cha chikhulupiriro ali ndi zifukwa zawo zolemekezeka, ndipo safunika umboni wa yisiti. Koma mayi woyembekezera, munthu wa matenda a shuga, kapena amene akumwa ma ARV ndi mankhwala a chifuwa chachikulu asasiye kudya chifukwa cha uthenga wa pafoni. Ife amene tinaonapo mwana wotupa mapazi chifukwa cha kuperewera kwa zakudya tikudziwa kuti thupi likhoza kudzidya kwa kanthawi kuti liwoloke mtsinje, koma njerwa za m'chipupa chakale zimatha.

Mphoto zinabwera mochedwa koma motsatizana: ya Kyoto mu 2012, ya Gairdner ya ku Canada mu 2015, kenako pa 3 October 2016 bungwe la Nobel ku Karolinska Institutet mumzinda wa Stockholm linalengeza dzina lawo. Anali ndi zaka 71, akugwira ntchito ku Tokyo Institute of Technology kumene anasamukira mu 2009. Anailandira okha, zimene sizichitika kawirikawiri masiku ano pamene mphotoyi imagawidwa kwa anthu awiri kapena atatu, ndipo ndalama zake zinali makorona a ku Sweden okwana 8 miliyoni. Akazi awo, a Mariko, nawonso ndi katswiri wa sayansi, ndipo dzina lawo lili pa ena mwa malipoti a autophagy.

Chimene anachita ndi kutchuka kwawo ndicho chimandichititsa kuwalemekeza koposa. M'malo molonjeza mankhwala, anayamba kuchenjeza dziko lawo kuti achinyamata akukakamizidwa kusankha kafukufuku wobala phindu msanga, ndipo ananena poyera kuti pamene ankayamba sankaganiza n'komwe kuti yisiti wanjala adzakhudzana ndi khansa kapena matenda a ubongo. Anapereka ndalama zothandizira ophunzira pa yunivesite yawo, ndipo mu 2017 anakhazikitsa bungwe la Ohsumi Frontier Science Foundation lothandiza kafukufuku woyambira, uja wosalonjeza katundu wogulitsa. Ndikuona kuti ali ndi mfundo. Wopereka ndalama akanawafunsa mu 1988 kuti timipira tonjenjemerato tidzachiza ndani, yankho loona likanakhala lakuti sakudziwa, ndipo mwina thandizolo likanapita kwina. Maiko osauka ali ndi chifukwa chomveka chofunira kafukufuku woyankha mavuto a lero, ndipo sindikuwatsutsa. Komabe ntchito ya a Ohsumi inayamba ndi yisiti, madzi opanda naitirojeni ndi maikulosikopu wamba, zinthu zimene yunivesite iliyonse ya kuno ingazikwanitse.

Atalandira mphoto sanatseke labotale. Anapitiriza ndi yisiti, pa mafunso amene anali asanayankhidwe: ndi zinthu ziti kwenikweni zimene zimalowa m'timatumba tija, ziti zimasiyidwa, ndipo zogayidwazo zikatuluka mu vacuole zimakathera kuti m'selo. Gulu lawo linapeza njira yopatulira timipira tomwe tija anationa mu 1988, n'kuyamba kuwerenga mapuloteni a m'kati mwake imodziimodzi.